Intaviyu ya senior pa app ya othamanga: Flutter yokha ikwana?

Abale a pa gulu lino, makamaka inu olemba ma app a pafoni, ndithandizeni nzeru. Ndakhala pa Flutter (chida cholembera app imodzi yoyenda pa Android ndi pa iPhone pomwe) kwa zaka zingapo, ndiye ndaitanidwa ku intaviyu ya udindo wa senior pa kampani ina ya ku Ulaya. App yawo ndi yonga Strava: imalemba mtunda umene munthu wathamanga ndi kagundidwe ka mtima wake. Pa zofunika alembapo HealthKit ndi Health Connect (mosungira za umoyo wa munthu pa iPhone ndi pa Android), komanso Bluetooth Low Energy (Bluetooth yosadya batire kwambiri). Ndikudziwa kuti HealthKit ndi ya Apple, inabwera mu 2014, komanso kuti Google ikusiya Google Fit n'kukankhira anthu ku Health Connect. Koma kodi ma plugin a Flutter (code yolembedwa kale yolumikizira Flutter ndi zinthu zimenezi) angandikwanire, kapena ndilimbikire Swift ndi Kotlin, zilankhulo zolembera ma app a iPhone ndi a Android? Nanga senior amayembekezeka kuchita chiyani chimene enafe sitichita?

Yankho loyamba: Achimwene, phunzirani Kotlin ndi Swift, musazengereze. Vuto la ma app amenewa limayamba foni ikalowa m'thumba sikirini itazima. Munthu athamanga ola lathunthu, GPS iyenera kulembabe osamaliza batire. Kuyambira Android 10, kuona malo app isali pamaso kumafuna chilolezo chapadera, ndipo Android 14 imafuna kuti munene mtundu wa foreground service yanu (ntchito imene app imapitiriza kugwira isali pamaso, ikuonetsa uthenga pafoni). Plugin ikakanika pamenepo, mudzatsegula nokha code ya pansi ya Kotlin kapena Swift. Akakufunsaninso za lamba wa pachifuwa woyeza mtima: Bluetooth ikaduka pakati pa ulendo, mulumikizanso bwanji osataya zimene zalembedwa kale? Nanga wotchi ndi foni zikawerenga masitepe omwewo, mupewa bwanji kuwawerenga kawiri? Zonse zisungidwe kaye pafoni, zidzatumizidwe intaneti ikapezeka.

Yankho lachiwiri: Ndiwonjezereko. Poti kampaniyo ndi ya ku Ulaya, werengani GDPR, lamulo la kumeneko loteteza zinsinsi za anthu, chifukwa za umoyo wa munthu zili m'gulu lotetezedwa mwapadera. Koma usenior weniweni ndi kuunika code ya anzanu, kuphunzitsa achichepere, ndi kulimba mtima kuimitsa release (kutulutsa app yatsopano) mukaona ma crash (app kumangodzitseka yokha) akukwera. Konzekerani kufotokoza chisankho chovuta chimene munapangapo ndi chifukwa chake.

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonse. Kotlin ndiyamba lero. Koma Xcode, pulogalamu ya Apple yolembera ma app a iPhone, imafuna kompyuta ya Mac, ndipo ine ndilibe. Alipo amene anabwerekapo Mac ya pa intaneti n'kumayesera HealthKit bwinobwino, kapena ndifunikabe iPhone yeniyeni m'manja?