PHQ ikungotuluka ziro kwa azimayi a trans, ndikulakwitsa pati?

NaBanda, nesi wa ku DIC (drop-in centre):
Anzanga ndithandizeni, mutu waima. Atiuza kuti aliyense wobwera ku STI, PrEP (mankhwala oteteza ku HIV) kaya refill ya ART tizimufunsa PHQ-2, mafunso awiri oyezera matenda a kukhumudwa, score ikafika 3 tipitirize ndi PHQ-9 ya mafunso asanu ndi anayi. Kwa ma FSW (azimayi ochita malonda ogonana) zikuyenda, ena misozi imayamba funso loyamba lisanathe. Koma azimayi a trans (obadwa ndi thupi lachimuna koma amadzidziwa kuti ndi akazi) onse ziro. "Ayi sisitala, ndili bwino, mungondipatsa mankhwala ndi ma lube ndizipita." Ndiye Lachiwiri peer wathu (mnzawo amene amatilumikiza nawo) wadzandiuza kuti mmodzi amene ndinamulemba ziro masabata awiri apitawo anamwa tameki, anathamanga naye kuchipatala usiku pa kabaza. Ali moyo. Koma ine tulo palibe, ziro ameneyo ndinalemba ndi dzanja langali. Amene mumawaona ma TG (anthu a trans) pafupipafupi mumafunsa bwanji? Musandiuze za training, ndinapita kale.

aPhiri, CO (clinical officer):
Pepani asisi. Koma ine ndinanena kale, fomu imeneyi musamaitsegule ngati mulibe kotumiza munthu. Akakupatsani score yokwera ngati 18 muchita naye chiyani? Psychiatric nurse pa boma ndi mmodzi, amaonanso odwala khunyu a boma lonse. Mukutsegula bala mulibe bandeji.

Mayi a Tiya, psychosocial counsellor:
NaBanda, ndiyambe ndafunsa, mumafunsira m'chipinda chotani? Ndipo mumamuitana dzina liti?

NaBanda:
Chipinda ndi chomwe chija chodula ndi pulayiwudi, mbali inayo kuli HDA (woyeza HIV) akuyeza magazi. Dzina ndimawerenga la m'buku lake la kuchipatala.

Mayi a Tiya:
Ndiye vuto layambira pamenepo. M'bukumo muli dzina lachimuna lomwe iye analisiya. Mwamuitana nalo anthu ali pa benchi, wadzuka atavala wigi ndi diresi, maso onse ali pa iye. Akulowa kwa inu mtima uli kale pakhomo. Ndiye mukufunsa za kukhumudwa pomwe akumva HDA akutsokomola kuseri kwa pulayiwudi. Ngakhale ine ndingayankhe kuti ndili bwino.

Ine ndimayamba ndi "ndizikuitanani ndani?" ndipo dzinalo ndimaligwiritsa ntchito mpaka atuluke. Fomu ndimaitembenuza, siyioneka. Mawu akuti kukhumudwa sindiyamba nawo, anthu ambiri amamva ngati mukufunsa ngati wina wawalakwira. Ndimafunsa tulo. Mukugona bwanji masiku ano, mukugona kuti, nsima ikulowa? Kenako maganizo, kodi akukuchulukirani? Munthu akati "ndikuganiza kwambiri sisitala, mutu sukundipatsa mpata," khomo latseguka, apo m'pamene ndimatulutsa mafunso asanu ndi anayi aja. Mayankho a pa fomu aja a "masiku angapo" ndi "kuposa theka la masiku" amasokoneza, ndiye ndimaika zitsekerero za mabotolo 14 patebulo, zoimira masiku 14 apitawo, iye asunthe za masiku amene zinamuvuta.

aPhiri:
Zonsezo nzabwino amayi, koma pamzere pali anthu 40. Ndipo funso langa silinayankhidwe. Wasuntha zitsekerero zonse 14, mukumutumiza kuti?

Che Jafali, ART clerk:
Zikundikumbutsa nthawi ya ma ARV a 5A tisanasinthe kupita ku a TLD mu 2019. Tinali ndi wina ankalota akuthamangitsidwa usiku uliwonse, achibale mpaka anapita naye kwa asing'anga. Inali efavirenz ya mu 5A. Atasintha mankhwala munthu anabwerera. Ndiye muzionanso zimene akumwa, dolutegravir wa mu TLD nayenso ena amawasowetsa tulo, PHQ n'kukwera chifukwa cha funso la tulo ndi la kutopa.

Shanie, peer navigator:
Ndilankhuleko monga mwini nkhani, poti ine ndine mmodzi wa amene mukuwanenawo. Sisitala NaBanda musadziimbe mlandu kwambiri, ziro ameneyo ngakhale ine ndinaperekapo. Timaopa zinthu ziwiri. China, ukangovomera kuti maganizo akukuvuta, ena amathamangira kunena kuti eya, n'chifukwa chake umavala chonchi, mutu sukuyenda. Ndinauzidwapo ndi wachipatala wina kuti ndikameta ndi kuyamba kupemphera zonsezi zitha. Ndinapita ndi chilonda, ndinabwerako ndi ulaliki, ndipo ndinatha chaka osapondako. China ndi pepala. Chilichonse cholembedwa timaganiza kuti chikathera kuti. Chigamulire khoti mu June 2024 kuti malamulo aja oletsa amuna kugonana okhaokha akhalebe, anzanga ambiri safuna kusayina ngakhale fomu ya transport. Mmodzi wa amene anakasuma nkhani ija anali mzimayi wa trans ngati ife, ndiye tonse tinaitsatira.

Komanso muzifunsa za ma pills. Ambiri akumwa mapiritsi olera kuti mabere atuluke, ena awiri atatu pa tsiku, ogula okha. Sangakuuzeni mukapanda kufunsa mwaulemu. Ena amasiya PrEP poopa kuti iwononga mahomoni.

Sisitala Gondwe:
Shanie wanena zoona. PrEP sichepetsa mahomoni achikazi, muziwauza poyera. Koma mapiritsi olerawo ali ndi ethinylestradiol, magazi amatha kuundana m'mitsempha, makamaka wosuta fodya. Mwendo ukatupa mbali imodzi kapena akabanika, imeneyo ndi emergency. Osamukalipira, akangokalipiridwa sabweranso ndipo mapiritsiwo apitiriza.

Chenjezo langa lalikulu ndi funso la 9 la PHQ-9, la maganizo odzipha. PHQ-2 ilibe funso la kudzipha, ndiye amene wakupatsani ziro pa awiri oyamba simumufunsa n'komwe. Kwa ma TG ine ndimalifunsa palokha, kaya score ndi ziro. Wathamangitsidwa kunyumba, wamenyedwa, chibwenzi chatha, wangolandira zotsatira za positive, viral load yakwera mwadzidzidzi, ndimafunsa mosazungulira: kodi zafika poganiza zochotsa moyo wanu?

aPhiri:
Apo ndiye ndikukana. Munthu sanaganizeko, inu mukumuikira maganizo. Ndipo akati eya? Muli nokha, galimoto palibe, Zomba Mental ndi kutali. Ndabwereza kachitatu tsopano, tisafunse zomwe sitingathe kuzisenza.

Sisitala Gondwe:
Akulu, kufunsa sikumuika munthu maganizo amenewo, mhGAP, malangizo a WHO a matenda a maganizo, imatiuza kuti tizifunsa. Wa NaBanda sanafunsidwe, tameki anamwabe. Ndipo si aliyense wofunika Zomba kapena chipatala cha matenda a maganizo cha St John of God. A score ya 10 mpaka 14 pa PHQ-9 ambiri amathandizika ndi kukambirana kwa mtundu wa Friendship Bench, kuja anayamba a Dixon Chibanda ku Zimbabwe ndi agogo pa benchi. Kusankha vuto limodzi, kulipezera njira, kubweranso sabata yamawa. Counsellor wophunzitsidwa angathe.

aPhiri:
Vuto lake ndi loti landilodi wamuthamangitsa ndipo kwawo anamukana. Benchi imupatsa nyumba?

Mayi a Tiya:
Siimupatsa nyumba aPhiri, koma amadziwa kuti Lachinayi pali amene akumudikira. Ndawaona anthu akukhala moyo chifukwa cha zimenezo.

NaBanda, zoti musachite. Musalembe TG kapena KP (key population) m'buku lake, bukulo amalitsegula achibale ndi a pa OPD. Musaimbire guardian amene ali pa fomu musanamufunse mwini wake, kawirikawiri ndi mchimwene yemwe anamumenya uja. Mufunseni kuti usiku zikavuta angagogode kwa ndani, nthawi zambiri amatchula mnzake wa trans amene amakhala naye. Ndipo mapepala a PHQ asapite ndi ma peer kunyumba. Kwathu wina anaiwala envelopu mu minibasi, tinatha sabata mitima ili m'mwamba ngakhale munali ma code okhaokha.

Mbewe, pharmacy tech:
Ndiwonjezere za mankhwala. Fluoxetine, mankhwala a matenda a kukhumudwa, akasowa ma CO ena amangolemba mnzake amitriptyline wa mwezi wonse. Kwa munthu amene wavomera funso la 9, chonde ayi. Amitriptyline akamwa wambiri nthawi imodzi amaimitsa mtima. Ndinaonapo mtsikana tinamupatsa botolo lodzaza Lachisanu, Lolemba tinamva uthenga. Mpaka lero ndikamawerengera mapiritsi amenewo nkhope yake imandibwerera. Perekani a sabata imodzi, kapena asunge mnzake wodalirika. Muwauzenso kuti mankhwalawa satenga masiku awiri, amafuna masabata angapo, apo ayi amasiya n'kumati sakugwira. Ndipo mufunse ngati anakhalapo masiku osagona koma ali ndi mphamvu zodabwitsa, akuwononga ndalama, chifukwa ameneyo fluoxetine yekha angamuipitsire.

aPhiri:
Mwaona? Fluoxetine yemweyo kulibe. Ndi zimene ndikunenazi.

Che Jafali:
Kulibe kwanu konko kapena konse? Ife tinalandira mwezi watha koma wotsala pang'ono kutha ntchito. Benzathine ndiye watheratu, a syphilis tikungowalembera doxy. Alipo ali ndi wambiri tisinthane?

NaBanda:
Zikomo nonse. Shanie, wandigwira mtima. Wa tameki uja mawa akutuluka m'chipatala, peer akuti akufuna kudzandiona koma akuchita manyazi. Ndikuganiza zopempha chipinda cha store chija chili ndi khoma la njerwa. Mayi a Tiya, ndikakhala naye ndiyambe ndi kupepesa kapena ndingomufunsa za tulo?

Mbewe:
Che Jafali benzathine tili ndi mabokosi awiri, koma mutumize requisition yosayinidwa, ulendo watha zinativuta pa audit.

Che Jafali:
Ndituma driver Lachitatu akamabwera ndi ma sample a viral load.