Atipempha magazi a banja lonse pa kafukufuku wa matenda a khungu a mwana wanga, tivomere?

Abale anga a pa gulu lino, ndithandizeni nzeru, makamaka inu ogwira ntchito zachipatala ndi amene munalowapo m'kafukufuku.

Mwana wanga wamkazi ali ndi matenda osowa a khungu otchedwa generalised pustular psoriasis, madokotala amangoti GPP. Akamuyamba, khungu limafiira n'kumawotcha, kenako timatuza ta mafinya timatuluka tothithikana pamimba, kumsana ndi m'khwapa mpaka kulumikizana. Thupi limatentha, amanjenjemera, ngakhale malaya akamukhudza amalira. Mafinyawo alibe tizilombo ndipo matendawa sapatsirana, koma anthu akamuona amamutalikira. Zimenezi zimandiwawa kwambiri.

Dokotala wake watiuza za kafukufuku wa majini (genes), malangizo a m'thupi amene mwana amatengera kwa makolo ake. Akufuna magazi a mwanayu, anga, a bambo ake, ndi a mlongo wake wamng'ono yemwe sanadwalepo. Anatifotokozera kuti mu 2011 ofufuza atayeza mabanja a ku Tunisia anapeza kuti jini ya IL36RN ikakhala ndi vuto, thupi limalephera kuletsa kutupa kwa khungu, ngati galimoto yotsetsereka yopanda mabuleki. Pambuyo pake anapezanso majini ena monga CARD14, AP1S3 ndi MPO, komabe odwala ambiri sapezeka ndi vuto pa IL36RN, n'chifukwa chake akufufuzabe.

Ine mtima wanga ukufuna. Ndatopa ndi kungoyembekezera tsiku lomwe ayambirenso osadziwa gwero. Koma bambo ake akukana, akuti zotsatira zikabwera tidzayamba kulozana chala kuti matenda achokera ku mtundu wa uje. Akufunsanso kuti magaziwo akathera kuti. Mukanakhala inu mukanatani?

Mayankho

Namwino: Mayi, pepani ndi matenda. Auzeni bambowo kuti pa IL36RN nthawi zambiri mwana amadwala akalandira jini yavuto kwa makolo onse awiri, ina kwa mayi ina kwa bambo, iwo eni ali bwinobwino. Ndiye palibe wolozedwa chala. Zikakhala choncho, pa mimba iliyonse mwayi woti mwana atenge zonse ziwiri ndi 1 pa 4. Funso lawo la magazi ndi lomveka. Musasaine chikalata musanadziwe ngati kafukufukuyu wavomerezedwa ndi komiti yoona za ufulu wa otenga nawo mbali, komwe DNA (chomwe chimasunga majiniwo) idzasungidwe ndi kwa nthawi yaitali bwanji, ngati dzina la mwana lidzachotsedwepo, komanso ngati adzakuuzeni zotsatira. Muli ndi ufulu wokana kapena kutuluka, ndipo thandizo la mwana siliyenera kusintha.

Membala wina: Achemwali, ine ndikuti vomerani. Mankhwala a spesolimab, omwe anavomerezedwa ku America mu 2022 pochiza GPP ikabuka, anapangidwa chifukwa ofufuza anadziwa kuti vuto lili pa IL-36, puloteni yoyambitsa kutupa yomwe jini ya IL36RN imayenera kuiletsa. Anayambira pa magazi a mabanja ngati lanu. Kungoti kupereka magazi si lonjezo loti mwana alandira mankhwalawo, zimenezo funsani padera. Chinanso, ngati akumwa prednisolone musamusiyitse mwadzidzidzi popanda dokotala, chifukwa zimenezo zimadzutsa matendawa.

Namwino: Ndiwonjezere za mlongo wakeyo. Mwana wathanzi nthawi zambiri samufulumizira kumuyeza kuti aone ngati ali ndi jiniyo, amadikira akule asankhe yekha. Pemphani kuti muonane ndi mlangizi wa za majini nonse awiri, musapite nokha.

Mwini funso: Zikomo kwambiri nonse. Zoti jini imachokera kwa tonse awiri ndawawerengera bambo ake, ndipo avomera kuti tipitire limodzi kwa dokotala ndi mafunso a anamwinowa. Chatsala n'cha mnyamatayu. Kodi ofufuza angalandire magazi a ife atatu okha, iye n'kumusiya? Amene zinakuchitikiranipo, munapanga bwanji?