Kodi agogo akumva mawu a malemu, ndiye kuti ndi misala?

Nangozo: Ndili m'chaka choyamba cha maphunziro a unamwino, ndipo tayamba phunziro la matenda a maganizo, lomwe pa Chingerezi amati abnormal psychology. Chikundisokoneza n'chakuti kwathu zonse timangoti misala, pamene m'mabuku muli mayina ambirimbiri. Agogo anga aakazi, chimwalirire agogo aamuna miyezi iwiri yapitayo, amati nthawi zina madzulo amamva malemuwo akuwaitana, komabe amalima, amaphika ndiponso amacheza bwinobwino. Kodi akatswiri anganene kuti akudwala?

Jere wa ku Zomba: Achemwali, kuchita zachilendo pakokha si matenda. Dokotala amafunsa ngati zimenezo zikumuzunza munthuyo, ngati zikumulepheretsa kugwira ntchito, kudzisamalira ndi kukhala ndi anzake, ngati angadzivulaze kapena kuvulaza ena, komanso ngati anthu a mtundu wake amaziona kuti n'zachilendodi. Kumva kapena kuona chinthu chimene palibe amakutcha hallucination, ndipo kumasiyana ndi delusion, komwe ndi kukakamira chikhulupiriro chabodza ngakhale umboni uli poyera, monga kunena kuti wailesi ikulankhula za iweyo tsiku lililonse. Anamfedwa ambiri amamva mawu a wokondedwa wawo maliro atangochitika kumene, ndipo zimenezi pazokha sizitengedwa ngati matenda. Malinga ndi mmene mwafotokozera, agogowo akulira maliro basi.

Nyachirwa: Ndiwonjezere za nthawi, chifukwa ophunzira ambiri amaiwala mfundo imeneyi pa mayeso. Mabuku akuluakulu omwe madokotala amatsatira pozindikira matenda a maganizo ndi awiri: DSM-5, lomwe bungwe la American Psychiatric Association linatulutsa mu 2013, ndi ICD-11 la bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2022. Kuti anene kuti munthu ali ndi depression, zizindikiro monga kukhumudwa ndi kusasangalala ndi chilichonse ziyenera kukhalapo kwa masabata osachepera awiri. Pa schizophrenia, matenda omwe nthawi zambiri amabweretsa hallucination ndi delusion, DSM-5 imafuna miyezi isanu ndi umodzi pamene ICD-11 imafuna mwezi umodzi, ndiye mukuona nokha kuti ngakhale akatswiri sanagwirizane pa malire enieni. Chisoni cha maliro chimatchedwa matenda mu ICD-11 chikapitirira miyezi isanu ndi umodzi chili chowawa kwambiri, koma bukulo limanenanso kuti dokotala aganizire nthawi imene mwambo wa munthuyo umalola kulira.

Jere wa ku Zomba: Zoona, mayi. Ndipo mawu akuti misala amaphimba zambiri, moti ena amaikamo ngakhale khunyu, chonsecho khunyu ndi matenda a ubongo omwe amakhala m'gulu lina, osati m'gulu la matenda a maganizo.

Mbewe: Ndikugwirizana nanu nonse, koma tisafulumire kunena kuti palibe vuto, poti agogowo ndi achikulire. Munthu wokalamba akayamba mwadzidzidzi kusokonezeka, osadziwa tsiku kapena malo amene ali, n'kumaona zinthu makamaka usiku, kawirikawiri amakhala ndi delirium, yomwe imabwera chifukwa cha matenda a m'thupi monga malungo, chibayo kapena matenda a m'chikhodzodzo, ndipo imeneyo imafuna chipatala tsiku lomwelo. Kuiwala komwe kumakula pang'onopang'ono kwa zaka ndiko kumaloza ku dementia, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti m'midzi ina agogo otere amanamiziridwa ufiti. A Nangozo, muziwafunsa ngati akudya ndi kugona bwino, ndipo mukamva akunena kuti malemuwo akuwauza kuti awatsatire, apo musadikirenso miyezi ya m'mabuku, apititseni kuchipatala.