Mwana wa mlongo wanga waitanidwa kukaphunzitsa ndege kunja, koma kontirakiti yake yandizunguza

Malume wa pa Chinkhoma

Abale, ndithandizeni nzeru. Mwana wa mlongo wanga anamaliza sukulu yoyendetsa ndege ku South Africa. Ali ndi laisensi ija amati CPL, yolola munthu kuyendetsa ndege ngati ntchito yolipidwa, komanso pepala lomulola kuphunzitsa ena. Fizi tinachita kusonkherana pamtundu: fodya wanga, ng'ombe za agogo ake, ndi ngongole yomwe mayi ake akubwezabe mpaka lero. Kwacha itagwa mu November 2023 muja, panatsala pang'ono kuti timuuze angobwerako.

Tsopano sukulu ina ya ndege m'dziko lina kum'mawa kwa Africa kuno yamuitana kuti akakhale mphunzitsi. Kalata yake wanditumizira pa WhatsApp, ndipo mwana wanga wa Fomu 4 wandiwerengera mzere ndi mzere. Salale ya pamwezi mulibemo. Akuti azilandira pa ola lililonse lomwe wauluka ndi wophunzira. Nyumba ilipo, koma azikhalamo atatu. Ndiye akati wasiya ntchito zaka ziwiri zisanathe, abweze ndalama zomwe sukuluyo iwononge pomusinthira laisensi kuti igwire ntchito m'dzikomo.

Ine ndinkati payiloti ndi munthu wa malipiro onona. Izi zikungomveka ngati ganyu wa pa ndime, walima walandira, sunalime gona ndi njala. Kodi ndi mmene zimakhalira, kapena akufuna kumudyera masuku pamutu poti ndi mlendo?

Mphunzitsi wakale wa ndege

A malume, mtima m'malo kaye. Ndinagwirapo ntchito imeneyi pa sukulu ina kufupi ndi Pretoria, ndipo zolipira pa ola sizachilendo. Masukulu ambiri amatero, kwa eni dziko ndi kwa alendo omwe.

Mumvetse chomwe mwanayo akufuna kumeneko. CPL ku South Africa munthu amaipeza ndi maola 200 a m'mwamba. Laisensi yaikulu ija ya ATPL, yomwe kaputeni wa ndege zonyamula anthu ambiri amayenera kukhala nayo, imafuna maola 1,500. Pakatipa ndani angakubwerekeni ndege yaulere? Palibe. Ndiye anyamata ambiri amayamba ndi kuphunzitsa, kuti wophunzira azilipira ndegeyo, iwo n'kumalemba maola mu logbook, buku lomwe payiloti amalembamo maola omwe wauluka. Eni masukulu zimenezi amazidziwa bwino lomwe, n'chifukwa chake salipira kwambiri. Mukakana inu, pakhomo pali ena akudikira.

Koma mawu akuti "ola" muwasamale. Mu kandege ngati Cessna 172 muli kawotchi, timati Hobbs, kamene kamayenda injini ikalira basi. Komwe ndinali ine, kawotchi kameneko ndiye kanali bwana wa malipiro. Umadzuka kusanache, kukayang'ana mafuta ndi matayala, kukhala pansi ndi wophunzira kumufotokozera za ulendo wa tsikulo, kenako mukatera kumuuzanso pomwe walakwitsa, kusaina mapepala. Zonsezo zaulere. Umatha kutandala pa bwalo la ndege kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, koma olipidwa n'kukhala maola awiri. M'dzinja kumeneko mabingu amayamba masana, ndege zonse pansi. Ndege nayonso ikakwanitsa maola 100 imalowa kwa amakaniko kuti akaiunike. Wophunzira fizi ikamuthera amangosowa osatsanzika. Mwezi wina umalandira zooneka, mwezi wotsatira lendi yokha kukuvuta.

Ndiye mwanayo awafunse molemba, osati pafoni. Kodi pali maola omwe adzamulipira ndithu pamwezi, ngakhale kunja kutaipa bwanji? Ali ndi ndege zingati zomwe zikuuluka lero, osati zojambulidwa pa intaneti, ndipo aphunzitsi alipo angati? Sukulu ya ndege zitatu ndi aphunzitsi khumi ndi njala yokhayokha. Afunsenso wolipira dokotala, chifukwa pepala la thanzi la Class 1 limafuna kukonzanso chaka ndi chaka, ndipo likatha ntchito suuluka. Malipirowo ndi a m'madola kapena ndalama ya dzikolo? Inu a ku Malawi mukudziwa kale chomwe chimachitika ndalama ikagwa usiku umodzi.

Za kubweza ndalama akachoka msanga, nazonso zilipo m'ntchito imeneyi. Chofunika n'chakuti chiwerengero chake chilembedwe, ndipo chizitsika mwezi ndi mwezi. Ngati angolemba kuti "ndalama zonse zomwe tawononga", asasaine.

NaPhiri wa ku Kamwendo

Bambo, ine za maola sindilowererapo, anenawa anena. Langa ndi la pemiti, chilolezo chogwirira ntchito m'dziko la eni. Mlamu wanga anapita kukagwira ntchito yonga yomweyi, anamuuza kuti bwera kaye ngati mlendo wodzacheza, mapepala tikonza uli konkuno. Miyezi inapita akungokhala m'nyumba, osaloledwa kuphunzitsa, kwinaku akudya ndalama zomwe ife timatumiza kuchokera kuno ku Mchinji. Taganizani, munthu woti tinkati azititumizira ife pa Mukuru.

Pemitiyo itatuluka, inali yolembedwa dzina la sukuluyo. Ndiye kuti ukayambana ndi bwana, ntchito yatha, nyumba yatha, chilolezo chokhala m'dzikomo chathanso. Mnzake mwini dziko akhoza kukana kuuluka ndege yomwe akuikayikira, mawa n'kukafunsira ntchito pa sukulu yoyandikana nayo. Mlendo amayamba waganiza kawiri. Chimenechi ndiye chinkamusowetsa tulo mlamu wangayo, osati kuchepa kwa ndalama ayi.

Mwanayo asakwere ndege pemiti isanatuluke, ndipo pasipoti yake asapereke kwa bwana aliyense kuti amusungire. Komanso mlongo wanuyo mumuuziretu mwaulemu kuti ngongole ija asawerengere mwanayu chaka choyamba. Ife tinadana pabanja chifukwa cha nkhani imeneyo, apongozi ankati mwana wayamba kudzikonda.

Mnyamata wa pa Santhe

Koma bwanji osangobwera kumudzi kuno? Malawi Airlines ilipo. Komanso pa bwalo lathu la ndege pa Kasungu pomwepa boma ndi UNICEF anatsegula malo oyeserapo ma drone mu 2017, ndipo sukulu ya ma drone inayamba ku Lilongwe mu 2020. Munthu wodziwa za m'mwamba sangasowe chochita. Kuvutikira kwa eni n'kwa chiyani?

Mphunzitsi wakale wa ndege

Achimwene a pa Santhe, ma drone ndi ntchito yabwino, koma maola ake sawerengedwa pa 1,500 aja. Malawi Airlines ili ndi ndege zochepa, ndipo malo a mapayiloti satseguka kawirikawiri. Njira ina yomwe anyamata amatsata ndi ya ku Maun ku Botswana, kuyendetsa tindege tonyamula alendo opita kukaona nyama ku madambo a Okavango, koma nakonso mlendo amafunika pemiti.

Zomwe anena mayi a ku Kamwendo ndi zoona, ndipo ndiwonjezere. Malipiro a pa ola amakukankha kuti uuluke ngakhale watopa, ngakhale mitambo ikukayikitsa. A malume, mwanayo akadzakuimbirani kuti lero sanauluke chifukwa cha mphepo, musamufunse kuti nanga ndalama zichokera kuti.

Malume wa pa Chinkhoma

Zikomo nonse. Ndamuimbira usiku wathawu, ndipo mafunso aja wawatumiza. Ayankha msanga kuti malipiro ndi a m'madola, ndipo dokotala azilipira yekha. Za maola otsimikizika akuti akakambirana akafika. Za pemiti sananenepo kanthu, angomufunsa kuti angafike liti.

Ndamuuza kuti tikiti asagule kaye. Iye mtima uli kale pa ulendo, akuti anzake omwe anamaliza nawo limodzi akumusiya m'mbuyo. Mayi ake ndikakumana nawo Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi, nkhani ya ngongole ija ndikaiyambe ndekha.

Aphunzitsi, funso linanso. Ngati atadikira miyezi ingapo osauluka, pepala lake lophunzitsira lija silingathe mphamvu? Ndipo kulikonzanso kwake kungafune kuti abwerere ku South Africa komweko?