Mwana wanga amupeza ndi mononucleosis, makolo anzanga ndithandizeni

Moni nonse pagulu pano, pepani ndilemba zambiri. Mwana wanga wamwamuna wa zaka 9 ino ndi sabata yachiwiri akudwala, zinayamba ndi kutentha thupi ndi kuwawa pakhosi moti pomeza malovu amachita kutsinzina, kenako anabele mkhosi mbali zonse ziwiri, ukamugwira kuseri kwa khosi umamva timibulu. Poyamba anatipatsa amoxicillin poganiza kuti ndi matonsozi wamba, patapita masiku angapo thupi lonse zidzolo zofiira, ine mtima phaa. Titabwerera adokotala anayeza magazi ndiye akuti ndi mononucleosis, ena amati glandular fever, imabwera ndi vayilasi ya Epstein-Barr.

Chikundisowetsa tulo ndi kamlongo kake ka zaka 3, amamwera kapu imodzi ndipo ndakapezapo kakunyambita supuni ya achimwene akewo. Ndiwasiyanitse? Ndikakayezetse nakonso? Komanso ndamva amati ndi matenda opatsirana popsompsonana, nanga wa zaka 9 wawatenga bwanji? Mwana woti sakhala pansi pano akungogona usana wonse.

Namwino wa ana: Mayi mtima pansi. Vayilasi imeneyi imayenda makamaka mmalovu, kapu, botolo la madzi, mswachi, zidole zomwe ana amaika mkamwa, zonsezo zimakwana. Imabisala masabata 4 mpaka 6 zizindikiro zisanaoneke ndiye komwe anaitenga simungakudziwenso, mwinanso kwa munthu wooneka bwinobwino, poti akuluakulu oposa 9 pa 10 alionse anaitengapo kale ndipo imakhala mthupi moyo wonse. Wamng'onoyo ngati sakudwala palibe chifukwa chomubayira jakisoni wotenga magazi. Ana ang'ono ambiri imangowadutsa ngati chimfine kapena osaonetsa kanthu, komanso kuyeza magazi kwachangu kotchedwa Monospot kumaphonya kawirikawiri kwa ana osakwana zaka 4, akafuna kutsimikiza amayeza ma antibody enieniwo, chitetezo chomwe thupi limapanga polimbana ndi vayilasi ya Epstein-Barr ija. Aliyense kapu yake ndi mswachi wake, kusamba mmanja, zakwana.

Bambo wa atatu: Wanga anadwala ali ndi zaka 14, kutentha thupi kunatha msanga koma kufooka kunatenga mwezi ndi kupitirira. Chomwe adokotala anatsindika kwambiri ndi kapamba, amatupa ndi matendawa ndiye mpira, kugwetsana, kunyamula zolemera ayi kwa mwezi wathunthu mpaka atamuonanso, chifukwa akagundidwa pamimba atha kuphulika. Ichi chokha musachitenge mopepuka chonde.

Namwino wa ana: Zoona bambo. Akamva ululu waukulu kumtunda kwa mimba mbali ya kumanzere kapena paphewa lakumanzere, akamavutika kupuma, kulephera kumeza ngakhale madzi, kapena maso kuchita chikasu, thamangani kuchipatala ngakhale ndi usiku. Zidzolozo zimachitika kawirikawiri amoxicillin akakumana ndi matendawa, nthawi zambiri sizitanthauza kuti mankhwalawo amamuwenga koma auzeni adokotala alembe. Ma antibiotic sapha vayilasi. Madzi ambiri, kupuma, paracetamol molingana ndi kulemera kwake, aspirin osamupatsa mwana.

Wolemba funso: Zikomo kwambiri anamwino ndi inu bambo, za kapambazo anandiuza koma mutu unali utabalalika sindinazigwire, dzulo lomweli amalimbana ndi msuweni wake pamphasa ine ndikungoyang'ana. Nanga kusukulu angabwerere liti, adikire anabelewo aphwe kaye kapena thupi likangosiya kutentha?