Thandizeni kagwiridwe ka uta, mivi yanga ikungomwazika

Membala wosatchula dzina: Abale ndithandizeni. Ndili ku Johannesburg, ndinayamba zoponya mivi miyezi itatu yapitayo, ndinakopeka nditamva kuti Areneo David anaimira Malawi ku Olympics ya ku Rio 2016. Vuto dzanja logwira uta silikhala malo amodzi, muvi wina kumanzere wina kumanja, pa mamita 18 pomwepa. Chingwe chikumandimenyanso mkono mpaka kutupa. Uta wake ndinagula wogwiritsidwapo kale ntchito, wondigulitsayo foni sakuyankhanso, kochi amangosamala ana a anthu olipira zambiri, kunyumba mayi akuti ndalama za lendi ndikuthera zidole. Mtima ukundiwawa zedi.

Mlenje wa ku Dedza: Finyani uta mwamphamvu basi! Agogo anga ankalasa gwape akuthamanga, analibe kochi. Ana a lero manja ofewa.

Aunt a ku Leeds: Ayi bambo musawasocheretse, kufinyako ndi kumene kumapotoza uta. Achimwene, uta uzitsamira pa mnofu wa pansi pa chala chachikulu, usadutse mzere wa pakati pa chikhatho. Mfindo za zala zipendekeke ngati madigiri 45, zala zikhale zomasuka. Koma utawo ndi recurve (wa nsonga zopindikira kutsogolo) kapena compound (wa timawilo ku nsonga)? Nanga ngwa dzanja lanu? Alipo wa amanzere, alipo wa amanja.

Mlenje wa ku Dedza: Madigiri pa uta? Ndiye tizipita kutchire ndi masamu? Mukamasula zala uta ugwa pansi mayi.

Aunt a ku Leeds: N'chifukwa chake pali finger sling, kachingwe kogwira uta kuti usagwe, ngakhale chingwe cha nsapato chimatheka, mumangirira ku chala chachikulu ndi chamkombaphala. Onerani a ku Olympics pa mamita 70, uta umagwera kutsogolo akaponya koma sugwa pansi.

Bambo a mapasa: Inu mukusiya nkhani yeniyeni. Lendi kaye achimwene, mayiwo akunena zoona.

Wa ku Cape Town: Inenso anandigulitsa njinga yophwanyika giya pa intaneti, mpaka lero munthuyo ndimamusaka. Osagula chinthu usanachiyese.

Kamnyamata ka legeni: Bwerani kuno ndikuphunzitseni legeni, siifuna lendi kkkk

Mlenje wa ku Dedza: Ameneyo walankhula. Ine ndanena kale, mphamvu basi. Agogo uta ankasema okha, chingwe chachikopa, zogulazi n'zimene zikukupusitsani.

Mlongo wanu pano: Zomenyedwa ndi chingwezo tembenuzani chigongono chiloze kunja, muvalenso arm guard, chotetezera mkono. Ine ndinamata katepi pa chogwirira kuti dzanja lizifika pomwepo nthawi zonse, thukutanso silitereretsa.

Membala wosatchula dzina: Zikomo nonse. Koma a mapasa, lendi ndinalipira pa 3, musandiweruze simukundidziwa.

Aunt a ku Leeds: Achimwene funso langa lija simunayankhe, utawo ngwa dzanja liti?

Mlenje wa ku Dedza: Uta ulibe dzanja mayi!