Kuika intaneti mwini nyumba kulibe: tivomere kapena tikane?

Wamakwerero wa ku Kapata: Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Lachinayi ndikaika fibre, intaneti ya chingwe chodutsa kuwala, ku Kalongwezi kuno ku Chipata, koma mwini wake amagwira ntchito kuboda ku Mwami, amachoka mbandakucha. Akuti kiyi asiya kwa mtsikana wantchito, ine ndingolowa n'kumaliza. Ndivomere?

Mdala wa ku Moth: Zapanja gwira mwanawe, zimenezo sizilira mwini nyumba. Kukoka chingwe kuchokera pa polo, kuchimangirira kukhoma, kuyeza ngati kuwala kwafika bwino, bola geti likhale lotsegula ndipo agalu amangidwe. Milandu imayamba ukagwira dirilo. Mtsikanayo adzangoti "ikani pomwe mwaona", madzulo bwana adzapeza rauta ili kuseri kwa firiji, kuchipinda chogona netiweki kulibe. Makoma athu a njerwa zootcha amadya Wi-Fi, makamaka ya 5 GHz. Ndipo fibre si waya wa malaiti woti ungalumikize ndi tepi. Kuisuntha ndiye kudula ndi kuwotcherera mwatsopano, ndipo mafuta a ulendo wachiwiriwo atuluka m'thumba lako.

Mayi wa ma rauta: Achimwene, mwafunsa ngati nyumbayo ndi yawo? Ambiri m'tauni muno ndi alendi. Kasitomala akhoza kukhalapo, kukulozerani yekha pobowola, koma landilodi akabwera kudzaona bowo pa pulasitala wake amafunsa dzina la mmisiri. Ine popanda mawu a landilodi sindikwera padenga.

Wa ku Katete: Koma tisaumitsenso zinthu. Anthu ali pantchito, ndani angapemphe tchuthi chifukwa cha rauta? Ine ndimaimba video pa WhatsApp, ndizungulira nyumba yonse, iye aloza, ine ndijambula khomalo ndisanabowole. Akayankha kuti "pomwepo", uthengawo ndimausunga.

Mdala wa ku Moth: Video imathandiza pa malo a bowo, zoona. Nanga foni ikasowa m'nyumbamo tsiku lomwelo, video ikuikira umboni? Wakuba adzakhala iwe wobwera ndi chikwama. Payenera kukhala munthu wamkulu woyenda nawe chipinda ndi chipinda, amene mwini wake wamutchula dzina lake mu uthenga. Mwana wasukulu ayi, ngakhale akhale wochangamuka bwanji.

Wambale za padenga: Kwa ife a Starlink, intaneti ya setilaiti yolandira pa mbale ya padenga, nkhani ndi ina pang'ono. Chilowereni Starlink m'Zambia mu 2023 ndaona kuti mwini amafunika kwambiri kuposa pa fibre. Akaunti ili pa imelo yake, ndipo mbale imafuna kumwamba kopanda chotchinga. App ikaonetsa kuti mtengo wa mango ukutchinga, ndani alamule kudula nthambi? Mlonda sangayerekeze, mtengowo mwina anabzala ndi agogo. Kumafamu a ku Chadiza ndimakana kunyamuka ngati mwini kapena manejala sadzakhalapo, mtunda wake si woseweretsa.

Mayi wa ma rauta: Musaiwale malaiti. Chilala cha 2024 chitaphwetsa madzi ku Kariba, malaiti n'kumazimazima, tinaphunzira kunyamula batire yathu, chifukwa ONT, kabokosi kolandira fibre m'nyumba, ikakhala yosayaka sungaiyese, ndipo wantchito sangasaine kuti intaneti ikugwira asanaione. Pasiwedi nayonso musaisiye papepala patebulo, pofika madzulo aneba onse adzakhala ali pa YouTube. Itumizeni kwa mwini wake.

Wamakwerero wa ku Kapata: Zikomo akuluakulu. Ndawaimbira. Nyumba ndi yawo, za landilodi palibe. Lachinayi ndigwira zapanja mpaka pakhoma, mtsikanayo angonditsegulira geti. Zamkati tagwirizana Loweruka m'mawa iwo alipo. Anayamba kudandaula kuti masiku awiri ndi ambiri, koma nditawafunsa chipinda chomwe akufuna rauta anati ayambe afunsa amayi akunyumba.

Wa ku Katete: Ndiye Lowerukalo onetsetsa kuti amayiwo ndi amene alipo.